Chitseko cha mipando ya maliro

Ba Fadhila amakonza mafoni pamsika waung'ono wa kuno kukomboni ya George, m'kakontena kobiriwira kamene kali pakati pa wogulitsa makala ndi wometa tsitsi. Ndawadziwa kwa zaka zambiri, chifukwa ndimaphunzitsa ana ang'onoang'ono pasukulu imene makolo tinamanga tokha, ndipo khomo la nyumba yanga layang'anizana ndi geti la sukuluyo. Loweruka lililonse ndimawaona akubwera atasenza batire la galimoto lokulunga m'chitenje, thumba la mawaya lili paphewa. Amayenda pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kotunga madzi.

Bambo awo, Ba Nassoro, anachokera ku Mangochi ali mnyamata, nakhazikika ku Matero, komboni ina ya mumzinda uno, kumene ankakonza mawailesi ndi mawotchi. Ntchitoyo ankaphunzitsa ana aamuna. Mwana wamkazi ankatumidwa kusesa pansi pa tebulo, kutola timasikuluwu tomwe tagwa, ndi kugwira waya pamene bambo akuwotcherera ndi mtovu. Palibe anamuuza kuti akuphunzira. Bambowo atamwalira, alongo ake anagulitsa zida zonse n'kugula minibasi. Kwa iye kunatsala kachitsulo kamodzi kowotcherera, kamene palibe anakafuna chifukwa chogwirira chake chinali chong'aluka. Mpaka lero Ba Fadhila amagwiritsa ntchito komweko, atakamanga ndi mphira.

Anakwatiwa kuno ku George. Amuna awo anapita kukafuna ntchito kumigodi, ndipo anthu anasiya kalekale kufunsa kuti abwera liti. Ana awiri anawalera ndi mafoni osweka magalasi ndi ogwera m'ndowa.

Chaka china kunabwera bungwe lina lofuna kuphunzitsa ana mmene angatetezere mafoni, makompyuta ndi ndalama za pafoni kwa akuba. Linatenga Ba Fadhila kukawaphunzitsa m'tauni, linapereka malaputopu atatu ndi katoni ya tizipangizo, linajambula ana atavala malaya ofanana, ndipo ntchito yake itatha linapita. Malaya aja ana anawavala mpaka kung'ambika. Amene anatsala ndi Ba Fadhila. Palibe amene amawalipira. Loweruka amatseka kontena, tsiku limene pamsika pamakhala anthu ambiri, n'kubwera kusukulu. Amafika ana asanafike kuti akolope chipinda, chifukwa fumbi limaononga malaputopu. Mkati mwa sabata amatola mawailesi akufa kwa anzawo apamsika, n'kumachotsamo mawaya ndi timababu pamene kasitomala sanabwere.

Kaphunzitsidwe kawo ndi ka manja. Amati mwana sangamvetse loko asanamumasule, ndiye ana amapanga maloko. Pali kabolodi kakang'ono ngati bokosi la machesi, mabatani a manambala, ndi kampiringidzo kachitsulo kamene magetsi amakakoka. Palaputopu ana amalemba pulogalamu, ndiwo malangizo ouza kabolodiko kuti nambala ikakhala yolondola kakoke mpiringidzo. Akatha, gulu lina limapanga loko, gulu lina limayesa kumuthyola, kenaka amasinthana.

Loko woyamba anagwa msanga chifukwa mtsogoleri wa gululo anaika chaka chimene anabadwa. Wachiwiri anagwa chifukwa cha zitumbuwa. Mnyamata wina wolongolola dzina lake Kumbu anapendeka mabatani padzuwa n'kuona kuti anayi okha ndiwo anali ndi mafuta a zala. Kuyambira pamenepo ana anayamba kupukuta mabatani akatha kudina. Anawonjezeranso m'pulogalamu kuti munthu akalakwitsa kangapo, loko agone kaye osayankha. Kuchokera pa loko, Ba Fadhila amawafikitsa ku mauthenga abodza aja amati mwapambana mphoto, kapena ndalama zalowa molakwika bwezani. Ana amapita kunyumba n'kumakawerengera makolo awo mauthenga otero.

Makolo ena sanakondwe nazo. Wapampando wa komiti ya makolo ndi Ba Goliati, bambo wamtali amene anagwira ntchito yoyendetsa foloko, galimoto yonyamulira katundu, m'mafakitale mpaka kupuma. Tsiku lina anaima pakhomo la chipinda ataika manja kumbuyo.

"Ba Fadhila, namva ati muphunzitsa bana kuthyola maloko. Ni zoona?"

"Ni zoona, Ba Goliati."

"Manje mukatipangira bakawalala ba ma satifiketi, tizathawira kuti?"

"Bakawalala banaphunzira kale, sibanayembekeze ine. Bana banu ndiye batsalira."

Ba Goliati anaseka, natulutsa foni yawo kuti, popeza abwera kale, Ba Fadhila aione chifukwa sinkamveka bwino. Makolo ambiri amatero. Foni ya kholo la mwana wa m'kalasimo imakonzedwa ulere, ngakhale palibe anapangana zimenezo.

Chipinda chimene amaphunziriramo ndi chokhacho pasukulu pathu chokhala ndi chitseko chachitsulo ndi denga losadontha. Makalasi ena alibe zitseko, ndipo Loweruka amapemphereramo a mpingo wa Sabata. Koma chipindacho chili ndi ntchito ina yakale. Mmenemo ndi mmene timasunga mipando ya pulasitiki imene makolo tinasonkherana. Kukagwa maliro m'dera lathu, aliyense amabwera kudzabwereka mipandoyo, Mkhristu kapena Msilamu, kholo la pasukulupo kapena ayi. Sitifunsa zambiri. Kale pachitsekopo panali loko wogula, ndipo kiyi inkakhala ndi Ba Goliati, amene nthawi zambiri amakhala kumunda kwawo kunja kwa mzinda. Kawiri konse anthu ofedwa anathyola lokoyo ndi mwala. Choncho loko wa ana atakhwima, komiti inavomera kuti aikidwe pachitsekocho. Nambala inapatsidwa kwa Ba Goliati, kwa ahedi, kwa Ba Fadhila, ndi kwa Tiwo.

Nthawi imeneyo Tiwo anali mtsikana wa sitandade yomaliza, wosalankhula kwambiri, amene amakhala ndi azakhali ake kuseri kwa sukulu. Mbali yaikulu ya pulogalamu ya lokoyo analemba ndi iye. Ankabwera mkati mwa sabata kudzaona ngati kabatire ka loko kali ndi moto, n'chifukwa chake ankadziwa nambala.

M'nyengo ya mvula kunamwalira mayi wina wa pafupi ndi kiyosiki ya madzi. M'mawa mwake Tiwo anali pamzere ndi zigubu zake. Panafika bambo wa imvi, wovala jekete labwino koma lonyowa, akutsatidwa ndi munthu wa wilibala. Anafunsa azimayi apamzere kuti mwana wodziwa za chitseko cha kusukulu ndi uti, ndipo anamulozera.

"Mwana wanga, ndine malume wa malemu, nachokera ku Chipata. Ba Goliati foni yao siipita. Banthu bankhala pamatope kuja."

"Iwe Tiwo, uyang'ana chani?" anatero mayi wina. "Ni maliro aya. Thamanga ukabatsegulire."

"Awe, asataye malo pamzere," anatero bamboyo. "Niuze chabe nambala, mwana wanga, nizatseka bwino."

Tiwo anapinda mawondo monga mwana woleredwa bwino, nanena nambalayo chapansipansi. Azimayi anamuyamikira. Inenso bamboyo ndinamuona akutuluka pageti, mipando itasanjidwa pawilibala, ataifunditsa pepala lakuda chifukwa cha mvula. Ndinamuuza kuti pepani ndi zovuta, iye nayankha mwaulemu.

Mipando inafikadi kumaliro, yonse. Kumeneko akuchimuna ankayesa bamboyo ndi wa kuchikazi, akuchikazi ankayesa ndi wa kuchimuna. Malaputopu awiri amene anali m'chipindamo sanaonekenso. Katoni ya tizipangizo anaisiya, mwina anayesa zinyalala. Laputopu yachitatu inapulumuka chifukwa inali kukontena, Ba Fadhila akuikonza chivundikiro.

Azimayi omwe aja anamuuza Tiwo kuti athamange ndiwo anayamba kunena kuti mwanayo anagulitsa nambala. Azakhali ake anamuletsa kupondanso m'chipindamo. Kusukulu ankabwera, koma ankakhala kumbuyo, ndipo belu likalira ankatuluka asanayang'ane munthu.

Komiti inakumana pansi pa khonde la ofesi. Ba Goliati analankhula mosakalipa. Anati mipando singatsekeredwe anthu ofedwa, pakuti imfa sidikira Loweruka. Anati zinthu zodula sizingakhale pamodzi ndi mipando imene aliyense amabwera kudzatenga. Wina anati tigule bokosi lachitsulo, wina namuyankha kuti wilibala imene inanyamula mipando inganyamulenso bokosi. Chipinda china panalibe. Tonse tinamva tanthauzo lake: Ba Fadhila achotse katundu wawo, ndipo kalasi ya Loweruka ithere pomwepo.

"Loko wanu uja munamutama maningi," anatero Ba Goliati. "Manje onani."

"Loko alibe mlandu," anayankha Ba Fadhila. "Anachita vamene tinamuuza. Na Tiwo anachita vamene imwe na ine tinamuuza kuyambira ali mwana. Wamkulu akakutuma, upita. Pa maliro sufunsa. Ine nabwera Loweruka chabe na mau yanga ati osauza munthu nambala. Mau ya tsiku limodzi yangapose ya masiku yonse?"

Anapempha kuti awapatse mpaka kutha kwa teremu. Komiti inavomera, mwina chifukwa cha manyazi, popeza pafupifupi aliyense pamenepo anali ndi foni imene inadutsa m'manja mwawo.

Choyamba anapita kwa azakhali a Tiwo. Ndinawaperekeza chifukwa azakhaliwo timapemphera limodzi. Tinakhala pampanda wa simenti, mayiwo akuchapa, osatiyang'ana.

"Mwana wanga banamutcha kawalala chifukwa cha mawaya yanu," anatero. "Mufuna bamutche chani futi?"

"Nifuna akonze chamene chinaonongeka. Palibe wina angakwanitse."

"Nanga madzi azanitungira ndani Loweruka?"

Ba Fadhila anati mwana wawo wamkazi azibwera kudzatunga. Ndinawayang'ana, chifukwa ndinkadziwa kuti mwanayo ndiye amatungira nyumba yawo, ndipo tsopano zigubu za kwawo zidzadikira iwo eni akaweruka. Potuluka, azakhali aja anatithamangira ndi foni imene inkazima yokha.

Loweruka lotsatira Ba Fadhila sanatsegule katoni. Anauza ana kuti lero tiphunzira kukana. Mmodzi akhale wamkulu wopempha nambala, wina akhale mwana. Ndinaima pawindo ndi tsache langa kumvetsera. Ana ankaseka, koma palibe anatha kunena kuti ayi n'kukhala chiimire. Ena ankanama kuti aiwala. Ena ankathawa kuzungulira mipando.

"Ine ningakane," anatero Kumbu. "Olo abwere na ndevu zofika pa mimba."

Ba Fadhila anaimirira, nakulitsa mawu ngati a bambo ake a Kumbu, amene tonse timawadziwa.

"Iwe Kumbukani! Ukanira ndani? Nakubala ine kapena unanibala iwe? Nambala!"

Kumbu anatsegula pakamwa, nayang'ana pansi, natchula manambala awiri asanazindikire. Anzake anagwa nako kuseka. Tiwo yekha sanaseke. Anali kumbuyo pamulu wa mipando, ndipo phokoso litachepa analankhula koyamba chibwerereni.

"Ba ticha, nanga ngati ine napereka nambala mwaulemu, koma loko ndiye akana?"

Anayamba pamenepo. M'katoni munali kachipangizo kolowetsamo simu, kamene sanakagwiritsepo ntchito. Anagwirizana kuti nambala isamatsegule chitseko, izingogogoda. Munthu akaidina, loko atumize uthenga kufoni ya wamkulu mmodzi. Wamkuluyo afufuze kuti pachitseko pali ndani, ndipo akakhutira ayankhe uthengawo, mpiringidzo ukokedwe. Kumbu ndi gulu lake anapatsidwa ntchito yoyesa kunamiza lokoyo ndi uthenga wochokera kufoni ina, ndipo ulendo woyamba anatha. Tiwo anabwereranso palaputopu kukalemba kuti loko azimvera nambala ya foni imodzi yokha, komanso liwu lachinsinsi limene limasintha.

Inali ntchito yotopetsa. Ana onse ankadikirana palaputopu imodzi. Magetsi ankazima masana onse, batire la galimoto lija likatha moto kalasi inkathera pomwepo. Netiweki m'chipinda cha chitseko chachitsulo inkavuta, mpaka anaboola khoma kutulutsa kawaya panja. Ba Fadhila anayamba kubweranso Lachitatu madzulo ataweruka kumsika. Anaonda. Tsiku lina ndinawapeza atatsamira khoma, maso ali otseka, kachitsulo kowotcherera kakufuka m'manja, ana akukangana za mzere wina wa pulogalamu osawaona.

Teremu ikutha, komiti inabwera kudzaona. Ba Goliati anavala jekete lawo la kutchalitchi. Anaima pachitseko natembenukira kwa Tiwo, nakweza mawu monga anapemphedwa.

"Iwe mwana, nipatse nambala. Kuli maliro."

Tiwo anapinda mawondo nawauza. Ba Goliati anadina ndi chala chawo chachikulu. Chitseko sichinagwedezeke. Anakankha ndi phewa. Kenaka foni inalira m'thumba la Ba Fadhila, amene anaima pambali pawo pomwepo. Anaitulutsa, nawerenga, nafunsa osamwetulira.

"Ni ndani ali pa chitseko?"

"Ndine! Simuniona?"

"Maliro ni ya ndani?"

"Ya loko wanu uyu, ngati simutsegula."

Anthu anaseka. Ba Fadhila anayankha uthengawo, mpiringidzo unalira kuti kwete, chitseko chinatseguka. Ba Goliati analowa, natuluka, natsekanso, nayesanso. Atakhutira anagwira Tiwo paphewa pamaso pa onse nati, "Uyu mwana ni wathu." Komiti inavomereza kuti kalasi ikhale m'chipindamo.

Panatsala funso limodzi: uthenga uzipita kufoni ya ndani? Ba Goliati anati kumunda kwawo netiweki kulibe. Ahedi anati amakhala kutali, ndipo nthawi ya misonkhano amazimitsa foni. Msungichuma anati maso ake saona zilembo zazing'ono. Mmodzimmodzi anayamba kuyang'ana Ba Fadhila. Iwo anangobweza foni m'thumba. Za amene azigula mayunitsi a simu ya m'lokoyo, palibe anafunsa.

Kuyambira pamenepo palibe chimene chasowa m'chipindamo. Tiwo anakhoza mayeso, amapita kusekondale, koma Loweruka amabwera kudzathandiza ana atsopano. Laputopu ikadali imodzi.

Koma kuno anthu amamwalira kawirikawiri, makamaka mvula ikagwa ndi zimbudzi zikasefukira. Foni ya Ba Fadhila imalira ali pakati powotcherera foni ya kasitomala, ali pamkeka wa swala akupemphera, ali pamzere wa madzi. Amaimbira munthu amene ali pachitseko, panambala ya foni imene wadinanso pamabatani, namufunsa dzina lake, dzina la malemu, ndi nyumba yake. Kenaka amaimbira wina wa m'deralo kuti atsimikize. Anthu ofedwa sakonda kufunsidwa. Ena amawatcha kapokola. Mayi wina anapita mpaka kukontena kukawauza pamaso pa makasitomala kuti tsiku limene kwawo kudzagwa maliro, nawonso adzafunsidwa mafunso. Mawu onse amene mwana sakanatha kuwasenza, tsopano amagwera iwo. Amayankha kuti pepani, n'kufunsabe.

Akalephera kupeza wotsimikiza, amaimbira ine.

"Ba Sophia, muli pa nyumba? Suzumirani ku geti. Ati ni mlamu wa Ba Mwewa."

Ndimasiya zochapa, ndimapukuta manja m'chitenje, ndimaoloka msewu kukaona. Nthawi zambiri amakhala munthu amene ndimamudziwa, maso ali ofiira, wilibala ili pambali. Ndimamupepesa, ndimaimbanso foni, mpiringidzo umalira, ndipo ndimathandiza kusanja mipando. Ikabwerako imakhala ndi matope, ndipo Loweruka m'mawa Ba Fadhila amaitsuka asanakolope chipinda, kuti ana apeze pokhala.

Loweruka lapitali anatula batire pakhomo panga kuti apumule khosi. Ndinawapatsa madzi. Asanamwe, foni inalira. Anayang'ana kugeti, kumene kunaima bambo wina wachilendo ndi anyamata awiri, ndipo anaimba. Mawu a bamboyo tinkawamva kawiri, pafoni ndi kutsidya kwa msewu.

"Mayi, mufuna nibweretse mtembo kuti mukhulupirire?"

"Pepani, atate. Niuzeni chabe dzina la malemu."

Anawauza mokalipa. Ba Fadhila anaimbira mayi wina wa kufupi ndi tchalitchi, anamvetsera, nagwedeza mutu, nayankha uthenga wa loko. Kenaka anamwa madzi aja pang'onopang'ono mpaka kutha. Tiwo anali atafika, natenga thumba la mawaya. Ine ndinagwira mbali imodzi ya batire, tinalikweza pamutu pawo, ndipo anaoloka msewu kupita kukapepesa bambo uja.